Dzanja la Kamanja

Ankamutcha Kamanja. Dzina lake lenileni linafera pakhomo pa apongozi ake tsiku lomwe anakalowa banja, ndipo palibe amene analilira. Akazi anzake amaitanidwa ndi mayina a ana awo, amake uje, amake uje. Iye mwana analibe, ndiye akanamuitana ndi chiyani? Anangomuitana ndi chimene anali nacho: timanja tating'ono, towonda ngati ta mwana wa sukulu, koma tolimba ngati waya.

Anakulira m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Bambo ake anali osoka nsapato, ankakhala pa benchi pakhonde la sitolo ya zitsulo, singano kukamwa, guluu pambali. Ntchito ya mwanayo inali kulowetsa dzanja m'nsapato mpaka kunsonga n'kukoka ulusi pamene chala cha munthu wamkulu sichifika. Ng'ombe ankangoiona yojambula pa pepala la mkaka. Akanadziwa, akanaisiya papepala pomwepo.

Koma kunabwera mwamuna wa njinga yamoto, zigubu za mkaka zitamangidwa uku ndi uku, jombo yake itayasama kutsogolo ngati ng'ona. Anthu ankamutcha Wazigubu. Jomboyo inasokedwa tsiku lomwelo, koma mwamunayo sanasiye kubwera, lero chidendene, mawa lamba, mpaka bambo a mtsikanayo anati, "Mwana wanga, munthu uyu nsapato zamuthera. Watsala pang'ono kubweretsa za amake." Sanali munthu woipa ayi. Anali wofewa, ndipo mwamuna wofewa amakupweteka osakweza dzanja. Thumba lopanda kanthu siliima lokha. Iye ankaima pokhapokha amake atamugwira m'khosi.

Amakewo anali mayi wamasiye, mwini khola la ng'ombe za mkaka kumene msewu wa phula umathera. Khola la malata, pansi pa simenti, modyera mwake migolo yodula pakati. Ng'ombe iliyonse inali ndi dzina, koma yapamtima inali Dona, yamawanga akuda ndi oyera, bere lake ngati ndowa. M'mawa mayiyo ankafunsa kuti, "Dona wanga wadzuka bwanji?" Akafuna kufunsa za mpongozi ankati, "Kameneko kadzuka?"

Tsiku loyamba kufika pakhomopo atakwatiwa, Kamanja anagwada n'kupereka dzanja. Apongoziwo analigwira osalisiya. Analitembenuza, analifinya, kenako anazunguliza chala chachikulu ndi cholozera pamkono, zala n'kukumana bwinobwino.

"Eee," anatero. "Kadzanja aka kadzatithandiza."

Mtsikanayo anaona ngati amukonda. Kupusa kwa ubwana kulibe mankhwala.

Sipanatenge nthawi, ng'ombe ina inavutika pobereka. Mwana anatulutsa mphuno ndi mwendo umodzi, mwendo winawo utapindikira m'kati. Kale ankaitana bambo wina wa mikono ngati mitsinde ya nthochi, amene ankatulutsa mwana koma ng'ombe n'kutsala yong'ambika. Tsiku limenelo apongozi anangoloza beseni.

"Pinda malaya. Dzola sopo mpaka paphewa. Lowa."

"Amayi, ine sindinayambe..."

"Ndipo ng'ombeyo inayamba yaberekapo mwana wa mwendo umodzi? Lowa iwe!"

Analowa. Anatseka maso, tsaya litatsamira pathako la ng'ombe, n'kuyamba kufufuza monga ankachitira m'nsapato za anthu. Anapeza bondo, anatsata mpaka ku chiboda, anachiphimba m'chikhato kuti chisang'ambe mayi wake, n'kuwongola mwendo pang'onopang'ono. Mwana anatuluka wamoyo. Kuyambira pamenepo ntchito inapeza mwini wake. Ng'ombe ikangoyamba kukweza mchira, "Kamanja!" Zotsalira zimene ng'ombe imagwetsa ikatha kubereka, wonyamula ndi Kamanja. Udzu wogonera wonyowa ndi madzi a pobereka ukauma, wosesa ndi Kamanja, fumbi lili kobo, kutuluka m'kholamo nsidze zitayera ngati wa kuchigayo. Mbiri inamveka, eni makola ena anayamba kudzamubwereka ngati wilibala. Apongozi ankalola mokondwa. "Mutengeni, koma abwere isanakwane nthawi yokama."

Ndiye thupi linayamba kumutentha Kamanja. Mutu ngati akuuwaza ndi nkhwangwa, thukuta kunyowetsa bulangete. Kuchipatala anamubaya chala, anati malungo palibe. Apongozi anati, "Ndinadziwa. Ulesi suoneka m'magazi." Anachira yekha, n'kubwerera kukhola.

Mimba yake yoyamba inachoka. Yachiwiri inakula mpaka anagula kashawelo koyera ka ubweya, n'kukabisa pansi pa zovala m'sutikesi. Nayonso inachoka. Munthu akaona tsoka lotere anthu aulemu amati wapita padera, amatsitsa mawu ponena. Apongozi ake ankati, "Wataya," mawu omwewo amene amanenera ng'ombe, ndipo ankanena ali pakhomo, makasitomala a mkaka atagwira mabotolo awo akumva.

Chaka chimenecho ng'ombe nazonso zinayamba kutaya ana. Apa pokha m'pamene panyumbapo panagwa maliro. Mayi amene sanagwetse msozi pa zidzukulu zake anakhala pa chidebe m'khola akusisita ng'ombe pamphumi, akuti, "Pepa mwana wanga, pepa."

Nthawi yomweyo a vetenale ankayenda khola ndi khola kutenga magazi a ng'ombe kuti aone matenda amene ali m'ziweto za m'deralo. Anafika, anabaya ng'ombe zonse, anapita. Patapita nthawi anabweranso ndi zimene anapeza. Wodzanena anali mayi wovala ovolosi ndi jombo zoyera, wofulumira, galimoto ikumudikira kumsewu. Anamukhazika pa benchi pafupi ndi chipinda chosungira mkaka. Apongozi anakhala moyang'anana naye, Wazigubu ataima kumbuyo kwa amake monga mwa masiku onse. Kamanja anali chapompo, akutsuka zigubu pa mpopi. Anali ndi pakati kachitatu, ndipo sanauze munthu aliyense, ngakhale mwamuna wake. Mwana ameneyu ankamusunga ngati dzira m'chikhato.

"Amayi," anatero a vetenale, "magazi akuonetsa kuti ng'ombe zanu zambiri zinakumanapo ndi matenda ena ake. Timawatcha Kiyu."

"Kiyu? Limenelo ndi dzina la matenda kapena la galu?"

A vetenale anaseka. "La matenda, amayi. Koma musaone ngati ndinu nokha. Makola ambiri amene tayendamo tawapezamo. Ng'ombe imatha kukhala nawo ikudya bwinobwino, mkaka ukutuluka, inu osadziwa kanthu. Ina ndiye imataya mwana. Tizilombo take timachuluka m'madzi a pobereka ndi m'zotsalira zija. Zikauma zimasanduka fumbi, munthu n'kupuma. Ndi matenda opatsirana pakati pa ziweto ndi anthu. Mkaka muziwiritsa. Zotsalira muzikwirira mozama. Ndipo chachikulu, mayi woyembekezera asayandikire ng'ombe yobereka. Ngakhale kusesa m'kholamo asasese."

Burashi inaima m'dzanja la Kamanja.

"Woyembekezera?" apongozi anaomba m'manja. "Pano woyembekezera ndi Dona yekha. Uyo mukumuonayo amangoyembekezera tiyi."

Wazigubu anaseka, poti amake aseka. A vetenale anacheuka kuyang'ana Kamanja, koma iye analowetsa mutu m'chigubu ngati wataya kanthu m'menemo. Galimoto inaimba hutala. Mayiyo anasiya magolovesi aatali ofika paphewa, anati wothandiza ng'ombe azivala ndiponso azitseka pamphuno, n'kuthamangira kumsewu. Apongozi anawatenga magolovesiwo, anawapinda bwino, anakawaika m'kabati ya galasi pamodzi ndi makapu a alendo, n'kukhoma. Zinthu zokongola sizipita kukhola.

M'mawa mwake Wazigubu akumanga zigubu panjinga, Kamanja anamugwirira chingwe n'kunena chapansipansi.

"Bambo, ine ndili ndi pakati."

Nkhope ya mwamunayo inawala, tisamunamizire. Anamugwira paphewa. Kenako anayang'ana kuzenera la amake, kuwala kuja n'kuzima.

"Mwamva zimene ananena a vetenale dzulo," anatero Kamanja. "Dona watsala pang'ono. Ine m'khola sindilowanso. Uyu yekha ndimuone nkhope, bambo."

"Usadandaule. Ndidzaitana munthu wina."

"Ndipo amayi?"

"Amayi... tiyeni tidikire kaye. Ukudziwa m'mene alili."

Analiza njinga n'kupita. Kamanja anayamba kuzemba. Tsache ankalisiyira mwamuna, amvekere msana. Pokama ankamanga mpango pamphuno, amvekere chimfine. Apongozi ankangomuyang'ana ndi diso la nkhuku.

Dona anayamba kubereka masana, dzuwa likuswa malata. Anagona, anadzuka, anagonanso, akubuula. Madzi anasweka. Chimene chinatuluka ndi kamchira kokha, miyendo yonse itatsalira m'kati. Wazigubu anali atangofika kumene. Munthu wina uja sanamuitane, ndipo sanayambe wamufunafuna n'komwe.

"Kamanja! Kamanja iwe! Wafa?" anakuwa apongozi.

Kamanja anatuluka n'kuima pakhomo la nyumba, manja atawabisa m'khwapa.

"Amayi, ine sindingalowe."

"Wati chiyani?"

"Ndili ndi pakati, amayi."

Apongozi anaika manja m'chiuno. "Hooo! Mimba ya a vetenale! Anangonena mawu pabenchi apa, iwe n'kutupa. Koma mayi ameneyo ndi wamphamvu, waposa mwana wanga."

"Ndi zoona amayi," anatero Wazigubu, mawu ake ngati a udzudzu. "Anandiuza."

"Ikhale yoona. Nanga si timaidziwa mimba ya uyu? Ndi mlendo wosavula nsapato, amangosuzumira n'kubwerera. Ya Dona yakwana miyezi yake, mchira uwo ukuoneka. Ndisiye mwana amene ndikumuona ndi maso chifukwa cha mwana amene ngakhale amake sanamuonepo?"

Kamanja anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anali atapeza chinthu chofunika kwambiri pa tayala la njinga, akulikanda ndi chikhadabo.

"Bambo?"

"Ingolowa kamodzi kokhaka," anatero osadzutsa mutu. "Kamodzi sikapha munthu. Ukudziwa kuti Dona akafa pano sitikhalapo."

Dona anabuula kubuula kwakuti ngakhale mwala ukanamva chisoni. Ndipo tsoka la Kamanja linali lomwelo, mtima wake unali wosakhwima. Ng'ombeyo ankaikama yekha m'mawa uliwonse, mutu atautsamiritsa pamimba pake.

"Ndipatseni magolovesi aja."

"Kiyi sindikudziwa pamene ndaika. Sopo ali apo. Unayamba liti udona?"

Kamanja anamanga mpango pamphuno. Apongozi anati, "Taonani dokotala." Kamanja anagwada pa simenti yonyowa, analowetsa mkono mpaka paphewa. Ng'ombe inakankha, mkono unafinyidwa mpaka zala kuchita dzanzi. Anadikira, anakankhira kamwanako kutsogolo kuti apeze malo, anagwira mwendo umodzi n'kuubweza, kenako winawo. Mpango unatsetserekera m'khosi, analibe dzanja louma loubwezera. Atakoka, mwana anatuluka ndi madzi onse, kumukhuthukira pachifuwa, pamimba, mpaka m'kamwa.

Anali wamkazi, wamoyo, wamawanga ngati amake.

Apongozi anavina m'khola ndi jombo zawo. Kamwanako kankanjenjemera, ndiye anathamangira m'nyumba kukafuna chokapukutira. Anatuluka ndi kashawelo koyera kaja. Iwo ankadziwa zonse za m'sutikesi ya mpongozi, panalibe chimene sanachifufuzepo.

"Amayi, kameneko ndi ka..."

"Ka ndani? Kakungodyedwa ndi njenjete. Lero kapeza mwini wake."

Anakulunga mwana wa ng'ombe m'shawelo. Kamanja anatola zotsalira, anakakumba dzenje kuseri kwa khola, anakwirira mozama monga ananenera a vetenale. Anasamba mpaka sopo kutha. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa.

Patapita masabata angapo thupi linatenthanso, mutu uja unabwerera ndi nkhwangwa yake. Anapita kuchipatala pa njinga ya mwamuna wake, atakhala pakati pa zigubu. Anamugoneka, anamusamalira m'mene akanathera, koma mwanayo sanakhale. Anali atakula ndithu, anamwino anati anali wamwamuna. Kaya anali Kiyu yemweyo wa tsiku la Dona, kaya anali atakhala kale m'thupi kuyambira fumbi la zaka zonse zija, kaya ndi tsoka lina, palibe akudziwa. Ng'ombe zonse za pakhomopo zinatengedwa magazi kuyeza matendawo, mpaka yokalamba yopanda mano. Mkazi amene ankalowa m'ng'ombezo palibe anaganiza zonena kuchipatala kuti amuyeze zomwezo. Iye mwini analibe mphamvu zotsegula pakamwa, ndipo mwamuna anali panja akuyang'anira njinga.

Kamanja atabwerera kunyumba anapeza ng'ombe ina yataya mwana sabata lomwelo. Apongozi anali pabenchi ija, nkhope itazizira. Mawu a vetenale anali atawameza kalekale, ndipo masiku onsewo ankawabzikula ngati ng'ombe. Tsopano anali atapsa.

"Khala pansi. Iwenso mwana wanga bwera umve. Mayi uja anati chiyani? Anati matenda opatsirana. Sanati opatsira. Anati opatsirana. Ine kusukulu sindinapite koma mawu ndimawamva. Kumenyana amamenyana awiri. Kupatsana moni, dzanja limapita, lina limabwera. Ndiye tifunsane, pakhomo pano anayamba kutaya ndani?"

Apongozi anadziyankha okha.

"Ng'ombe zanga ndakhala nazo kuyambira bambo ako ali moyo, sizinkataya. Kwabwera uyu, wataya koyamba, wataya kachiwiri, ng'ombe n'kuyamba kutsanzira. Dzanja lomwelo limene amadzigwira nalo ndi limene amalowetsa mwa ana anga. Wandithirira chimimba chake chowola m'khola."

"Amayi," Kamanja anatero, "anati si kuno kokha. Anati makola ambiri ali nawo."

Apongozi anadumpha ngati awapatsa mphatso.

"Eyaaa! Wanena wekha! Makola ambiri! Ndipo m'makola ambirimo amalowamo ndani? Si iwe tinkakubwereketsa? Khola la kumtunda unalowamo. La kuseri kwa tchalitchi unalowamo. Wafesa dera lonse, ine ndikumati ndikuthandiza anansi!"

Mawu oipa ali ndi miyendo yaitali kuposa njinga yamoto. Pofika mawa lake makasitomala a mkaka anali atawanyamula pamodzi ndi mabotolo awo. Eni makola amene ankabwera chogwada kudzabwereka Kamanja anayamba kukumbukira kuti zoonadi, ng'ombe yawo inataya chaka chomwe iye anaigwira. Zoti inanso inataya asanaigwire, zimenezo anaiwala. Akazi pampopi ankamupatsa moni manja ali kumbuyo. Wina anamukalipira kuti asadutse pafupi ndi mbuzi zake.

Apongozi atalamula kuti Kamanja achoke, Wazigubu anamulongedzera yekha sutikesi, akulira. Kulira ankatha ndithu. Anamukweza panjinga, anakamutsitsa pamene phula limayambira, anati kumsika sangafike chifukwa amayi akudikira zigubu. Kashawelo kanatsala kukhola, katapachikidwa pa msomali, akupukutira mabere a ng'ombe.

Kamanja anabwerera pakhonde la sitolo ya zitsulo. Bambo ake maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndiye singano anaitenga ndi iye. Amasoka bwino, anthu amamuyamikira. Dzanja limalowabe mpaka kunsonga ya nsapato. Tiyi amamwa wopanda mkaka. Mayi akabwera ndi tinsapato ta mwana woyamba kuyenda, amatisoka msanga osayang'anitsitsa, n'kupereka nkhope ili kumbali.

Kukhola kuja ng'ombe sizinasiye kutaya. Apongozi akuti n'chifukwa choti anasiya matenda ake m'makoma. Dona anafa pobereka mwana wotsatira, m'manja mwa bambo wa mikono ya nthochi uja, ndipo mlandu umenewonso anaupereka kwa Kamanja, kuti anachoka ndi mtima woipa.

Tsiku lina la msika Kamanja anadzutsa mutu n'kuona apongozi aja tsidya la msewu, pa tebulo la mayi wogulitsa sopo ndi machesi. Wazigubu anali kumbuyo kwawo, atavala malaya ositidwa. Patebulopo panali mtsikana, mwana wa mayi wogulitsayo, wamanyazi, woonda. Mtsikanayo anapinda mawondo n'kupereka dzanja. Apongozi aja analigwira osalisiya. Analitembenuza. Analifinya. Chala chachikulu ndi cholozera zinazungulira pamkono.

Kamanja anaimirira, nsapato ya munthu ili kudzanja.

"Mtsikana iwe! Iwe! Tabwera kuno ndikuuze!"

Msika unacheuka. Apongozi anacheukanso, osathamanga, n'kukweza mawu kuti amve ndi a kumapeto omwe.

"Usapiteko mwana wanga. Ameneyo ndi uja anatha ng'ombe za anthu. Ali ndi matenda opatsirana. Akangokugwira dzanja, sudzaberekanso."

Mtsikanayo anayang'ana Kamanja, anayang'ana dzanja lake lakuda ndi guluu likumukodola. Anabisa dzanja lake limodzi kumbuyo. Linalo linali kale m'chikhato cha apongozi aja, ndipo zala zinali zitakumana bwinobwino.